Hugh Hampton Young: dokotala amene anayesa kuwotcha khansa ya prostate kuchokera m'kati mwa thupi

Tsiku lina m'chaka cha 1897, pa chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, dokotala wachinyamata amene ankayenda mothamanga m'khonde anawombana ndi William Halsted, mkulu wa madokotala ochita opaleshoni, mpaka mkuluyo anatsala pang'ono kugwa. Mnyamatayo ali m'kati mopepesa, Halsted anamuuza kuti ankamufunafuna kale chifukwa anali atamusankha kuti atsogolere gawo loona za matenda a njira ya mkodzo. Iye anadandaula kuti sankadziwa kanthu za matenda amenewo, koma Halsted anamuyankha kuti akuluakulu a chipatala ankadziwa zimenezo ndipo anali ataona kuti angathe kuphunzira.

Umu ndi mmene Hugh Hampton Young mwini wake ankafotokozera chiyambi cha ntchito imene anaigwira kwa zaka zoposa 40. Anali ndi zaka 27 zokha. Pofika pa imfa yake m'chaka cha 1945, anali atasintha kachizidwe ka matenda a prostate, ndipo anali mmodzi mwa madokotala oyambirira kuyesa kupha khansa ya chiwalochi poika radium m'kati mwa thupi la wodwala. Njira imeneyi, imene lero imatchedwa brachytherapy, inamukanika kuifikitsa pamene ankafuna, koma mfundo zake zikugwirabe ntchito m'zipatala zambiri padziko lapansi.

Mwana wa msilikali

Young anabadwa pa 18 September 1870 mumzinda wa San Antonio, m'chigawo cha Texas. Bambo ake, William Hugh Young, anali mkulu wa asilikali a zigawo zakummwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, mbali imene inkamenyera kuti ukapolo upitirire ndipo inagonja. Anavulala kangapo pankhondoyo, kenako anagwidwa ndi adani m'chaka cha 1864. Nkhondo itatha anakhazikika ku San Antonio, kumene ankagwira ntchito ya zamalamulo ndi yogulitsa malo. Mayi ake a Hugh anali Frances Kemper, mwana wa dokotala wa ku Virginia.

Kuyambira ali wamng'ono, Hugh ankakonda ntchito zamanja ndi kupanga tizipangizo. Luso limeneli ndi limene linadzamusiyanitsa ndi madokotala anzake, pakuti akasowa chida choyenera opaleshoni ina, ankachijambula yekha n'kupeza mmisiri woti amupangire. Anaphunzira pa yunivesite ya Virginia, kumene m'zaka zinayi zokha anatenga madigiri atatu, yomaliza ya udokotala m'chaka cha 1894. Posakhalitsa anazindikira kuti maphunziro a m'kalasi sanali okwanira kuti munthu agwire mpeni wa opaleshoni, choncho anapita ku Baltimore kukaphunzira kwa akatswiri a pa Johns Hopkins. Dzina la Johns Hopkins si lachilendo ku Malawi, chifukwa yunivesite yomweyi yakhala ikuchita kafukufuku wa HIV ku Blantyre kwa zaka zambiri.

Kachiwalo kosautsa amuna achikulire

Prostate ndi kachiwalo kamene kamapezeka mwa amuna okha. Kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo monga mmene mkanda umazungulira ulusi. Mwa mwamuna wachinyamata kamalemera magalamu pafupifupi 20, ndipo ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Munthu akamakalamba, kachiwaloka kamakonda kukula n'kuyamba kufinya njira ya mkodzo. Nthawi zambiri kukulako si khansa, koma kumachititsa kuti mkodzo uzituluka movutikira kapena utsekeke kumene. Khansa nayo imamera m'kachiwalo komweka, kawirikawiri chakunja kwake, kumbali yoyang'anizana ndi njira ya chimbudzi, ndipo imatha kukula kwa zaka zambiri popanda chizindikiro chilichonse.

Pamene Young ankayamba ntchito, mwamuna wotsekeka mkodzo ankadalira kachubu kamene ankadzilowetsa yekha kangapo patsiku. Kachubuko kankalowetsa majeremusi, ndipo ambiri ankamwalira ndi matenda a impso. Opaleshoni inalipo koma inkapha anthu ochuluka chifukwa cha kutaya magazi ndi mafinya. Khansa ya prostate inkaonedwa ngati matenda osowa, chifukwa madokotala ankaizindikira itafika kale m'mafupa, pamene panalibenso chochita.

Young anasankha kufika pa prostate podula pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, malo amene kachiwaloka kali pafupi ndi khungu. Anapanga chida chimene ankachilowetsa m'njira ya mkodzo n'kukokera nacho prostate kufupi ndi bala, kuti aziona bwinobwino chimene akudula m'malo mongofufuza ndi chala. Pofika 1903 anali atafalitsa njira imeneyi, ndipo chiwerengero cha omwalira pa opaleshoni m'manja mwake chinatsika kwambiri.

Opaleshoni ya 1904

Poyeza nyama zimene ankachotsa mwa odwala, Young anapeza kuti ena mwa amene ankaganiziridwa kuti angokula prostate anali ndi timafundo ta khansa m'kati. Izi zinamupatsa ganizo lakuti khansayi imayamba ili yaing'ono ndipo ili malo amodzi, choncho ingachotsedwe isanafalikire. Mphunzitsi wake Halsted anali atatchuka kale pochiza khansa ya m'mawere pochotsa bere lonse pamodzi ndi nyama yozungulira. Young anafuna kuchita chimodzimodzi ndi prostate.

Pa 7 April 1904, mothandizidwa ndi Halsted, anachotsa prostate yonse ya wodwala khansa, pamodzi ndi timatumba ta umuna ndi kachigawo ka khosi la chikhodzodzo, kenako n'kulumikiza chikhodzodzocho ku njira ya mkodzo yotsala. Wodwalayo anadzuka pa opaleshoniyo, ngakhale kuti anamwalira chaka chisanathe potsatira chithandizo china cha miyala ya m'chikhodzodzo. M'chaka cha 1905 Young anafalitsa zimene anapeza mwa odwala khansayi 40, anayi mwa iwo atawachita opaleshoni yatsopanoyi. Mfundo yake yaikulu inali yakuti machiritso amadalira kuizindikira msanga, ndipo analimbikitsa madokotala kuti aziyeza amuna achikulire ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, kufunafuna malo olimba pa prostate.

Vuto linali lakuti odwala ochepa okha ndi amene ankabwera khansa isanadutse malire a chiwalocho. Ambiri ankafika mochedwa, akumva ululu m'chiuno ndi msana, akukodza magazi, ndipo mpeni sukanawathandiza. Anthu amenewa ndi amene anachititsa Young kuyamba kuganizira za radium.

Mphatso ya munthu wa diamondi

Izi zisanachitike, m'chaka cha 1912, kunabwera wodwala amene anasintha mbiri ya chipatalacho. James Buchanan Brady, wamalonda wa ku New York amene analemera pogulitsa zipangizo za njanji, ankadziwika ndi dzina lakuti Diamond Jim chifukwa chokonda kuvala miyala ya diamondi. Anali wonenepa kwambiri, wodwala shuga ndi mtima, ndipo mkodzo unkamutsekeka. Madokotala ena anaopa kumugoneka tulo ta opaleshoni. Young anali atapanga chida chodulira nyama yotsekereza kudzera m'njira ya mkodzo popanda kung'amba thupi, ndipo anachigwiritsa ntchito pa Brady atangomuchititsa dzanzi pamalopo.

Brady atachira anapereka madola 220,000 ku Johns Hopkins. Ndalamazi zinamangira James Buchanan Brady Urological Institute, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1915, yokhala ndi zipinda za odwala, zochitiramo opaleshoni, zofufuziramo komanso malo opangira zida. Kumeneko Young anakhazikitsa maphunziro a zaka zingapo a madokotala a njira ya mkodzo, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anadzakhala atsogoleri a magawo otere m'mayunivesite ena a ku America. M'chaka cha 1917 anayambitsa magazini ya zachipatala ya Journal of Urology, imene ikutulukabe mpaka lero.

Moto wosaoneka

Radium anaitulukira Marie ndi Pierre Curie ku Paris m'chaka cha 1898. Ndi chitsulo chimene chimatulutsa cheza chosaoneka ndi maso usana ndi usiku, popanda magetsi kapena makina. M'chaka cha 1901 wasayansi Henri Becquerel anapsa khungu atayenda ndi kabotolo ka radium m'thumba la chovala chake, ndipo Pierre Curie anadziwotcha dala pamkono kuti aone mmene bala lake likhalire. Madokotala anaganiza kuti chinthu chowononga khungu chotere chingawonongenso chotupa. M'chaka cha 1903 Alexander Graham Bell, amene amadziwika ndi telefoni, anapereka ganizo lakuti radium iziikidwa m'kati mwenimweni mwa chotupacho.

Nzeru ya ganizoli yagona pa mtunda. Cheza chimachepa mphamvu mofulumira pamene chikutalikira kumene chikuchokera: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Makina a X-ray a nthawi imeneyo anali ofooka, moti ankawotcha khungu cheza chisanafike pa chiwalo chobisika m'chiuno ngati prostate. Koma gwero la cheza likaikidwa pafupi ndi khansa, khansayo imalandira mphamvu yochuluka pamene ziwalo zakutali zimalandira yochepa. Chezacho chimaphwanya DNA ya maselo, ndipo maselo a khansa, amene sadzikonza bwino ngati maselo abwinobwino, amafa akamayesa kugawikana.

Oyamba kuyesa zimenezi pa prostate anali madokotala a ku Paris, Octave Pasteau ndi Paul Degrais, amene ankaika radium m'kachubu n'kukalowetsa m'njira ya mkodzo, ndipo anafalitsa zotsatira zawo nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Ku Baltimore, mnzake wa Young, Howard Kelly, dokotala wa matenda a amayi, anali atasonkhanitsa radium yambiri ndipo ankachizira khansa ya chiberekero. Sichinali chinthu chapafupi kuchipeza: m'chaka cha 1921 galamu imodzi inkagulidwa madola 100,000.

Young anatengera nzeru ya ku Paris n'kuiwonjezera luso lake la zida. Anapanga ndodo zachitsulo zokhala ndi kachibotolo ka radium kunsonga, zimene ankazilowetsa m'njira ya mkodzo, m'chikhodzodzo kapena m'njira ya chimbudzi. Ataika nsongayo pamalo oyenera, ankamangirira ndodoyo ku chogwirira cholumikizidwa ku tebulo kuti isasunthe. Tsiku lililonse la chithandizo ankasintha malo, ndipo ankalemba pa chithunzi cha chiwalocho paliponse pamene radium yakhalapo, kuti khungu la m'kati lisapse chifukwa cholandira cheza kawiri pamalo amodzi, pamene khansa ili pakati ikuwombedwa kuchokera mbali zonse. Anafotokoza njira zimenezi m'chaka cha 1917. Nthawi yomweyo ku Memorial Hospital ku New York, Benjamin Barringer ankabaya masingano a cheza mu prostate mwenimweni, kudzera pakhungu la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, chala chake chili m'njira ya chimbudzi kuti chilondolere singano.

M'chaka cha 1922 Clyde Deming, mmodzi mwa ophunzira a Young, anafalitsa zotsatira za odwala 100 amene analandira radium pa chipatalacho. Mwa ambiri chotupa chinafota, magazi analeka kutuluka ndipo mkodzo unayamba kuyenda bwino. Koma ochiriratu anali ochepa kwambiri. Walira mvula walira matope: cheza chomwecho chinkasiya zilonda m'njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi, zina zosapola. Panalibe makina oonera m'kati mwa thupi pamene radium ikuikidwa, panalibe njira yodalirika yowerengera mphamvu imene mbali iliyonse yalandira, ndipo mwa odwala ambiri khansa inali itafika kale kumene cheza sichikanafika. Young sanabise malire amenewa. Anapitiriza kukhulupirira kuti opaleshoni ndiyo yochiritsa khansa yogwidwa msanga, ndipo radium anaisiyira ntchito yochepetsa mavuto a odwala ofika mochedwa.

Nkhondo, ndale ndi chisoni

America italowa nkhondo yoyamba yapadziko lonse m'chaka cha 1917, Young anapita ku France pa sitima imodzi ndi mkulu wa asilikali, John Pershing. Anapatsidwa udindo wolimbana ndi matenda opatsirana pogonana, amene ankagoneka asilikali ambirimbiri m'zipatala. Anakonza zoti odwala azilandira chithandizo ali m'magulu awo m'malo mowatumiza kutali, ndipo analimbikitsa zoletsa asilikali kupita kunyumba za mahule. Anabwerako ali ndi udindo wa colonel. M'mwezi wa October 1919 anaitanidwa ku White House kukaona Pulezidenti Woodrow Wilson, amene mkodzo unamutsekeka atangodwala sitiroko. Opaleshoni sinachitike, ndipo vutolo linatha lokha.

Chaka chomwecho Young ndi anzake analengeza za mankhwala ofiira opha majeremusi otchedwa Mercurochrome, amene kwa zaka zambiri ankapakidwa pa zilonda m'makomo ndi m'zipatala za mayiko ambiri. Young anapitirira pamenepo n'kumawabaya m'mitsempha ya odwala matenda a majeremusi m'magazi, zimene madokotala ena anazitsutsa kwambiri. Mankhwala a sulfa ndi penicillin atabwera, njira imeneyi inasiyidwa, ndipo m'chaka cha 1998 boma la America linachotsa Mercurochrome pa mndandanda wa mankhwala ovomerezeka kuti ndi osavulaza, chifukwa muli mercury.

M'chaka cha 1901 Young anakwatira Bessie Mason Colston, ndipo anabereka ana anayi. Mkazi wakeyo anamwalira m'chaka cha 1928 ndi matenda a majeremusi m'magazi, mtundu womwewo wa matenda umene mwamuna wake anathera zaka zambiri akuufunira mankhwala. Kunja kwa chipatala, Young ankalowerera nkhani za chigawo cha Maryland: anathandiza kukhazikitsa malamulo olimbana ndi chifuwa chachikulu, anatsogolera komiti yoona za ndege, ndipo ankathandiza nyumba ya zoimbaimba ya Lyric ku Baltimore. M'chaka cha 1926 anatulutsa buku lalikulu lophunzitsira madokotala a njira ya mkodzo, ndipo m'chaka cha 1937 analemba lina lonena za anthu obadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi. Maopaleshoni osintha ziwalo za anthu otere, makamaka ana, ndi nkhani imene lero anthu ambiri amaitsutsa.

Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, m'chaka cha 1941, Charles Huggins wa ku Chicago anaonetsa kuti khansa ya prostate imakula chifukwa cha mahomoni achimuna, ndipo kuwachepetsa kumafooketsa khansayo ngakhale itafika m'mafupa. Odwala ofika mochedwa anapeza chithandizo chosavuta kuposa radium, ndipo ndodo za Young zinaikidwa padera. Iye anamwalira ndi matenda a mtima pa 23 August 1945 ku Baltimore, ali ndi zaka 74.

Zimene zinatsatira

Young anamwalira mwezi umene mabomba a nyukiliya anagwetsedwa ku Hiroshima ndi Nagasaki. Makina a nyukiliya amene anamangidwa chifukwa cha nkhondoyo ndi amene anayamba kupanga mitundu ina ya zinthu zotulutsa cheza, zotsika mtengo komanso zosaopsa ngati radium. Radium imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, choncho siingasiyidwe m'thupi. Iodine-125 imatenga masiku pafupifupi 60, ndipo palladium-103 masiku 17.

M'zaka za m'ma 1950 Rubin Flocks wa ku Iowa anayesa kubaya golide wotulutsa cheza mu prostate. M'zaka za m'ma 1970 Willet Whitmore ndi Basil Hilaris ku New York ankang'amba mimba n'kuika tinjere ta iodine-125 ndi manja, koma tinjereto sitinkagawanika bwino ndipo mbali zina za khansa zinkapulumuka. Yankho linachokera ku Denmark m'chaka cha 1983, pamene Hans Henrik Holm anagwiritsa ntchito makina a ultrasound olowetsedwa m'njira ya chimbudzi kuti aziona singano iliyonse pamene ikulowa. Madokotala a ku Seattle anaikonza bwino njirayi kuyambira 1985, ndipo inafalikira m'mayiko ambiri.

Lero wodwala amagonekedwa tulo kapena kuchititsidwa dzanzi kuyambira m'chiuno, ndipo masingano amalowetsedwa pamalo omwe aja a pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, motsatira mapu amene kompyuta yawerengera. M'njira imodzi, tinjere tokhala ngati mpunga, makumi angapo kapena kupitirira 100, timasiyidwa mu prostate mpaka kalekale, ndipo mphamvu yake imatha pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. M'njira ina, kanjere kamodzi kamphamvu kwambiri ka iridium-192 kamayendetsedwa ndi makina m'timachubu kwa mphindi zochepa n'kuchotsedwa, osasiya cheza chilichonse m'thupi. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mavuto alipobe: kukodza pafupipafupi kapena mowawa kwa milungu kapena miyezi, kupweteka m'njira ya chimbudzi, ndi kuchepa kwa mphamvu m'banja mwa ena. Amene aikidwa tinjere tokhalitsa amalangizidwa kuti miyezi yoyambirira asamafungatire ana aang'ono nthawi yaitali kapena kukhala moyandikana kwambiri ndi amayi oyembekezera.

Opaleshoni ya Young nayo inapita patsogolo pa chipatala chimene iye anamanga. M'chaka cha 1982 Patrick Walsh anachita kumeneko opaleshoni yochotsa prostate mosawononga mitsempha yothandiza mwamuna m'banja. Kwa wodwala amene khansa yake ndi yaing'ono ndipo sinatuluke m'chiwalocho, opaleshoni ndi cheza zimapereka mwayi wofanana wokhala ndi moyo zaka zambiri.

Chimene sichinasinthe ndi mfundo ya 1905 ija. Tinjere ta cheza timapha khansa imene ili pamtunda wa mamilimita ochepa kuchokera pamene taikidwa, ndipo sitingatsatire imene yafika m'mafupa. Khansa ya prostate ndi imodzi mwa makhansa ofala kwambiri mwa amuna a kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo amuna akuda komanso amene bambo kapena m'bale wawo anadwalapo ali pachiopsezo chachikulu. Ambiri amafikabe kuchipatala monga ankafikira odwala a Young, msana ukuwawa ndi mkodzo utatsekeka. Pa kuyeza ndi chala kumene iye ankalimbikitsa, madokotala anawonjezerapo kuyeza magazi kotchedwa PSA, kumene kunayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1980, ndipo njira ziwirizi ndi zimene zimathandiza kuti khansayi ipezeke ikadali m'kati mwa prostate.